Tebulo la Mbawa ndi Apongozi Anga

Lolemba

Matabwa afika pa njinga ziwiri. Mbawa weniweni, wouma bwino, wofiira ngati chiwindi! Osati paini wa kuphiri yemwe anthu onse kuno ku Sadzi akukhomera timabenchi tolira. Ndikuwanunkhiza ngati wamisala.

Cholinga: tebulo lalikulu lodyera banja lonse. Lamulungu kukubwera alamu anga a ku Blantyre, aja tinayambira limodzi ku yunivesite, iwo n'kumaliza, ine n'kutsikira panjira. Ndine mkamwini, ndimakhala pamalo a apongozi, ndipo dzina langa pano ndimalidziwa: "aja sanamalize." Lamulungu onse adzadyera pa chinthu chimene ndamaliza.

Odzakhalapo: ine kumutu, mkazi wanga, apongozi, alamu, ana, ndi azakhali a ku Mbedza.

Lachiwiri

Tsiku lonse m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndikupala. Pulena ikangodutsa, mizere ya mtengo ikutuluka ngati madzi oyenda. Mtengo uwu unakula mosafunsa digiri kwa munthu.

Mkazi wanga: "Bambo a Tadala, kodi n'chitseko cha tchalitchi?"

Nsanje.

Apongozi akudutsa atayang'ana kumbali, monga achitira chikwatirire ine mwana wawo. Koma ndaona, phazi lachedwa pang'ono.

Lachitatu

Miyendo inayi yalowa m'mabowo ake. Popanda msomali ngakhale umodzi! Ndikumenya ndi nyundo, ikuyankha ndi mawu a bambo.

Mkazi wanga akufunsa kuti amayi ake adzakhala pati. Ndikuloza moyang'anizana ndi ine. Waseka mpaka wakhala pansi.

"Amayi atafune, mkamwini akuwaona pakamwa? Inu muli bwinobwino?"

Ku yunivesite ndinkaphunzira za chikhalidwe cha anthu. Zikuoneka kuti phunziro la apongozi linali m'chaka chimene sindinafikeko.

Lachinayi

Njira zimene ndatumiza kwa apongozi kudzera mwa mwana wawo:

- kupachika chitenje pakati pa tebulo
- kuwakhazika chofulatira
- kulitalikitsa, iwo akakhale kumapeto, ine ndizioneka ngati nyerere

Yankho: "Uwauze kuti zikomo, koma mphasa yanga sinandilakwire."

Mkazi wanga akuti sangasiye amayi ake adye okha. Ana akuti adzakhala kumene kuli agogo, chifukwa agogo sawerenga nthuli. Azakhali atumiza mawu kuti mabondo awo ndi mpando sizimvana.

Tatsala awiri, ine ndi alamu. Tebulo loti mungagonekepo ng'ombe!

Lachisanu

Nkhungu yatsika kuphiri, vanishi sangaume. Ndangokwecha ndi sandipepa mpaka zala zasowa mizere.

Masana ndikuchokera kogula guluu, ndamva munthu m'kashedi. Ndasuzumira pa mng'alu. Apongozi! Akusisita pamwamba ndi chikhatho, pang'onopang'ono, maso atatseka. Agwada kuyang'ana kunsi. Kenako alitsamira ndi thupi lonse, kuligwedeza monga achitira pogula mbuzi. Tebulo lili nji.

Angoti, "Eee."

Mayi ameneyu analera ana ake posenza matabwa pamutu kutsika nawo phiri lija, ndipo mpaka lero khosi lili chilili. Sananditamepo pa china chilichonse. "Eee" ameneyo ndapita naye kubafa, ndikumubwereza ndekha.

Loweruka

Dzuwa! Vanishi wagwira. Amuna anayi kulilowetsa m'nyumba, mmodzi akutukwana makolo a mtengo. Pabalaza padzaza, wofuna kupita kuchipinda ayende cham'mbali ngati nkhanu.

Likuwala moti ndikudziona nkhope. Nkhope ya munthu womaliza.

Apongozi sanalowe. Akutsuka mphasa.

Lamulungu

Alamu afika, fungo la perefyumu patsogolo. Agogoda pamwamba pa tebulo ndi kiyi wa galimoto.

"Alamu, limeneli mwagula kuti?"

Ndikutsegula pakamwa kuti ndiyankhe zimene ndakonza sabata yonse, foni yawo yalira. Atuluka nayo. Atamaliza avula nsapato, akhala pamphasa pafupi ndi amayi awo. Digiri yonse ija pansi, miyendo tambalale.

Ndili ndekha kumutu. Kunja akuseka. Mbale yanga ikuoneka ngati batani.

Mkazi wanga walowa ndi madzi osamba m'manja, wagwada monyanyira dala.

"Amayi akuti matabwa otsala aja musagulitse. Akuti tsiku lawo likadzafika, bokosi mudzakhome ndinu. Asadzawagoneke m'paini."

Ndati ndamva.

"Akutinso musafulumire, sakupita pano. Bola mudzamalize ngati ili."

Ndiye kuti pa mbawa wanga sadzadyerapo, koma adzagonamo. Chabwino. Ndadya ndekha, tebulo silinagwedere. Matabwa aja ndawakweza kudenga kwa shedi, pouma, pomwe chiswe sichifika.