Nkhondo ya Nthutumba ya ku Area 25

Ambuye, Inu amene mumadziwa chiwerengero cha tsitsi la munthu ndi cha nthenga za nkhuku, ndigwireni dzanja pamene ndikulemba za nkhondo imene inagwa ku Area 25, kuseri kwa msika wa Nsungwi, m'chaka chija anthu a mu Lilongwe analeka kufunsa azakhali awo nayamba kufunsa foni. Inali nyengo ya zodabwitsa. Munthu ankalemba funso lililonse pa foni, kaya la chifuwa, kaya la kalata yofunsira ntchito, ndipo chinthu chotchedwa AI chinkayankha pompo, mwaulemu, mosatopa, ndiponso mopanda manyazi. Ine ndimakhala nyumba yoyandikana ndi bwalo la nkhondoyi. Mpopi wathu ndi umodzi, ndipo zimene sindinazione ndi maso zinandipeza zokha kudzera pa zenera.

Ngwazi yoyamba inali Vera Nangozo, mwana wa ku Ntcheu, Mkango wa pa Mbaula, Iye Amene Sanapserezepo Mpunga, mkazi wa Vitu Chavula. M'nyumba mwake munafika mlendo woposa alendo onse: apongozi ake aamuna, a Amosi Chavula, mkulu wa mpingo wa ku Rumphi, amene anabwera kudzakhala milungu itatu kuti azionana ndi dokotala pa matenda a shuga. Dokotalayo analetsa mafuta ambiri, analetsa mchere wambiri, analetsa pafupifupi chilichonse chimene chimachititsa munthu kuyamika Mulungu asanadye.

Tsono mpongozi wolangidwa bwino sayimirira pamaso pa apongozi ake aamuna n'kuwafunsa kuti akufuna ndiwo zanji. Vera anafunsa mwamuna wake, ndipo Vitu, maso ali pa mpira, anapereka yankho limene lapasula mabanja ambiri kuposa mowa: "Chilichonse. Adada savuta."

Motero Mkango wa pa Mbaula unatembenukira kwa AI. Unafotokoza za shuga, za dokotala, ndi zoti nkhuku imodzi iyenera kukwanira mlungu wathunthu. Ketulo isanawire, foni inatulutsa ndandanda wa chakudya cha masiku khumi ndi anayi, ndipo Vera anaukopera pa pepala ndi kuumata pa chitseko cha firiji monga magome a Mose. Za nkhuku, lamulo linati: Lamulungu ntchafu ndi nyama ya pachifuwa, Lachiwiri mapiko, Lachinayi msuzi wa khosi, chiwindi, zipalapasiro ndi nthutumba.

Ndinene chilungamo. Mkaziyu ankadzuka asanapite ku ntchito kufunditsa madzi osamba a mkuluyo, ankathira nsinjiro m'phala kuti kusowa kwa shuga kusamveke, ndipo dzuwa likasuntha ankatuma mwamuna wake kuti asunthire mpando pa mthunzi. Koma zoterezi sizilembedwa m'mbiri za nkhondo.

Linafika Lamulungu, ndipo titaweruka ku tchalitchi kunamveka hutala kutali, galimoto isanakhote. Inali ngwazi yachiwiri: Jemima NyaChavula, mlongo wamkulu wa Vitu, Chimphepo cha ku Gulliver, Mwini Mapoto Osachita Mwaye, Iye Amene Mawu Ake Safuna Maikolofoni. Anagwada kupereka moni kwa bambo ake, anasamba m'manja, ndipo monga mwana wamkazi woyamba anatenga chipande kuti awagawire ndiwo. Chipande chinalowa m'mbale. Chinatembenuza ntchafu. Chinafufuza kumpoto, chinafufuza kummwera, chinakanda pansi. Kenako chinayima.

"Alamu," anatero Jemima ndi mawu ozizira, "nkhuku iyi inagundidwa ndi minibasi?"

"Ayi alamu, ndinazinga ndekha dzulo."

"Nanga ili moyo inkagaya chimanga ndi chiyani? Inkapita kuchigayo?"

"Nthutumba ilipo," anatero Vera. "Ili m'firiji. Ndi ya Lachinayi."

"Ya Lachinayi!"

Kwa amene munakulira m'mashopu, dziwani kuti nkhuku yophera mlendo imafika ndi nthutumba yake. Ndiwo umboni woti nkhuku yonse ndi ya mlendoyo. Ikasowa, ndiye kuti mwamuuza kuti wina womuposa wadya kale, iye akungomaliza zotsala.

Jemima anatsatira chala cha Vera mpaka pa firiji, anawerenga pepala lonse, nafunsa amene analemba. Atamva kuti ndi foni, anamanganso chitenje chake, nayima pakati pa chipinda.

"Imvani inu makoma a Area 25! Adada anga, amene akwatitsa theka la Rumphi, amene akafika pa mudzi nkhuku zimatsanzikana zokha, akwera basi tsiku lathunthu kuti adzayikidwe pa mzere ndi foni! Ulemu wawo wapatsidwa deti ngati sikelo ya ana! Vitu, iwe uli pomwepo ukutafuna? Lachiwiri ndikubwera ndi chikwama. Adada akupita ku Gulliver, kumene nkhuku zimafika patebulo ndi ziwalo zonse."

Apa ndiye panagona nkhondo yonse. Apongozi akachotsedwa m'nyumba ya mpongozi chifukwa cha chakudya, nkhaniyo siifa. Ikanakambidwa ku Rumphi, ikanakambidwa ku Ntcheu, ikanakumbutsidwa pa chinkhoswe cha zidzukulu za Vera. Mkuluyo anangopitiriza kudya ntchafu yake. Vitu, Kazembe wa Asilikali Othawa, anatuluka kukaona ngati geti latsekedwa, geti limene analitseka yekha.

Lolemba nkhondo inasamukira pa gulu la WhatsApp la banja la a Chavula. Chithunzi cha mbale ija chinazungulira dziko. Anthu amene sanayankhe pamene mkuluyo ankafuna womuperekeza ku chipatala anapeza mwadzidzidzi mphamvu ndi bandulo. Wa ku Joni anatumiza voisi ya mphindi zisanu ndi zinayi. Wa ku Mzuzu anatumiza vesi. Msuweni wina amene nkhuku amangoidziwa ili yokazinga m'kabokosi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti chikhalidwe chatha.

Munthu wamba akanangotulutsa nthutumbayo, kuikazinga, kugwada nayo pamaso pa apongozi, nkhani n'kutha. Koma ngwazi siziganiza ngati anthu wamba. Nditakumana ndi Vera pa mpopi ndinafuna kumuuza zimenezi, koma nditaona nkhope yake ndinangomusenzetsa ndowa.

"Ndandanda ndi ndandanda, aneba," anatero. "Ndikasintha lero, mawa abwera kudzandiwerengera tomato."

Lachiwiri, dzuwa litapendeka, hutala inalira. Chimphepo cha ku Gulliver chinatsika ndi chikwama chopanda kanthu ku dzanja lamanja ndi mbale yovundikira ku dzanja lamanzere.

"Adada asanakwere galimoto," anatero, "ndikufuna ndimve kwa mlangizi wanuyo. Aitaneni a Eyayi adzayankhe."

Foni inakhazikidwa pa mpando pakhonde ngati woimbidwa mlandu, ndipo Vitu anagwidwa malaya kuti akhale womasulira. Jemima analamula funso: kodi ndi bwino kupatsa apongozi nkhuku yopanda nthutumba? Vitu analemba, nawerenga yankho.

"Ikuti mwafunsa funso labwino kwambiri. Ikuti mukunena zoona, m'miyambo yambiri nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka. Ikupepesa."

Jemima analulutira mpaka agalu a ku Nsungwi anayankha. Koma Vera anatsomphola foniyo, nalemba funso lake: kodi si nzeru kugawa nkhuku masiku angapo pamene m'nyumba muli wodwala? Vitu anawerenganso.

"Ikuti mwafunsa funso labwino kwambiri. Ikuti mukunena zoona."

"Aaa! Ifunse kuti wolakwa ndani!" anakuwa Jemima.

"Ikuti nonse muli ndi mfundo zomveka, ndipo zikuoneka kuti nonse mumawakonda bambo. Ikufunsa ngati mukufuna ndandanda wina."

Jemima anayang'ana foni, nayang'ana mlongo wake. "Vitu, chinthu ichi munabadwa nacho mapasa? Chifukwa mayankhidwe ake ndi ako enieni."

Mboni itagwa motero, Chimphepo chinatulutsa chida chake chomaliza. Chinagwada pamaso pa mkuluyo n'kuvundukula mbale. Munali nthutumba makumi atatu, zofiirira, zonyezimira, zowazidwa anyezi.

"Adada, kwanga zimakhala chonchi. Palibe za Lachinayi."

Pamenepo a Amosi Chavula, amene chiyambire Lamulungu anali asanatulutse mawu pa nkhaniyi, anavala magalasi awo, nayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali.

"Jemima, nkhuku zake zili kuti?"

"Ndi za mu shopu, Adada. Amagulitsa pa paketi."

"Ndiye mu Lilongwe muno muli azibambo makumi atatu amene adya nkhuku yopanda nthutumba chifukwa cha ine?"

Jemima anaweramira m'mbale muja ngati akuziwerenganso.

"Zaka makumi anayi ndili mkulu wa mpingo," anapitiriza mkuluyo, "ndipo nthutumba zochuluka chonchi ndimangoziona ndikamadutsa pa khomo la bala. Vundikira, anthu angandijambule. Yanga ndi imodzi, ndipo ili m'nyumba muno. Pepala likuti Lachinayi, ndinawerenga ndekha. Mwamuna sasamuka kusiya nthutumba yake m'mbuyo. Ikafika Lachinayi, ndikhala. Ikapanda kufika, ubwere ndi chikwama chakocho." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna, pakuti sakanalankhula ndi mpongozi wawo maso ndi maso. "Ndipo iwe uwauze amayi a nyumba ino kuti foni ilibe apongozi. Za apongozi asamafunse kwa amene alibe."

Vera anaweramitsa mutu, ndipo aliyense anaona kuti muvi umenewo unalasa.

Koma mdani sagona. Lachitatu magetsi anazima mbandakucha, ndipo unali mwezi wa Okutobala. Pofika masana firiji inayamba kukhetsa misozi pansi pa chitseko. Vera anathawa ku ntchito pa kabaza, napeza nthutumba yafewa. Kuiphika Lachitatu kukanakhala kugonja, pakuti Jemima akanalengeza kuti ndandanda wathyoka. Kuisiya kukanakhala kupereka kwa apongozi chinthu chonunkha. Ndinamuona atakhala pa sitepe ya khitchini, kapulasitiki kali m'manja, ngati munthu wodikira uthenga wa ku chipatala. Ndinamupempherera chamumtima, ngakhale ndinachita manyazi kutchula nthutumba pamaso pa Mulungu.

Galimoto inafika yopanda hutala. Jemima, amene anali atamva za kuzima kwa magetsi, anatsika ndi kabokosi kodzaza ayezi, nakaika pa sitepe osapereka moni. Akanangokhala kwawo, nkhondo akanapambana.

"Si za inu izi," anatero, akuyang'ana kumbali. "Ndi za Adada. Kabokosiko mubweze kotsuka."

"Zikomo alamu."

"Ndati si za inu."

Ndipo linakwana Lachinayi, tsiku la pangano. Anthu a pa poloti yonse tinaitanidwa kukhala mboni. Nthutumba imodzi, yaying'ono kuposa chibakera cha khanda, inaikidwa pakati pa mbale yaikulu ya pa ukwati imene imanyamulidwa ndi anthu awiri, ndipo anainyamuladi awiri, Vera kumanja, Jemima kumanzere, Vitu akutsogola ndi beseni la madzi osamba m'manja. Tinaimba nyimbo ya ndime zisanu. Mkuluyo anapemphera m'Chitumbuka, nabwereza m'Chichewa kuti a ku Ntcheu asadandaule, ndipo pomwe ankati ameni nthutumbayo inali itazizira. Anaitola, anaiponya m'kamwa, natafuna. Tonse tinangoyang'ana nsagwada za munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri zikugwira ntchito. Anameza.

"Mchere wachepa," anatero. "Koma chikwama chipite."

Nthungululu inang'amba Area 25. Nthutumba makumi atatu zija, zimene zinagona ku Gulliver, zinagawidwa kwa ife anthu wamba amene tilibe ulemu woti n'kuteteza, ndipo ine ndinalandira zinayi. Chithunzi cha mbale yopanda kanthu chinatumizidwa pa gulu, wa ku Joni nalemba kuti iye ankadziwa kuti Vera ndi mkazi wabwino.

Mfundo za mtendere zinali ziwiri: kuti ndandanda uliwonse wa foni uzidzera kaye m'maso mwa Jemima, ndi kuti foniyo iphunzitsidwe mwambo. Vera analemba pamaso pa tonse kuti nthutumba siisiyana ndi nkhuku yake pamene m'nyumba muli mlendo. AI inathokoza, inati yaphunzira chinthu chofunika kwambiri, inalonjeza kuti sidzabwerezanso, ndipo posonyeza kulapa inatulutsa pompo ndandanda wa mlungu wotsatira, wopanda nkhuku n'komwe.

Vera anawerenga mzere woyamba. Anawerenganso. Kenako anakodola mlamu wake, namuonetsa mobisa, ndipo popeza ndinali kumbuyo kwawo ndikutolera mbale, nanenso ndinaona. Lamulungu: chambo. Dulani mutu, muusunge, mudzapangire msuzi Lachitatu.

Ngwazi ziwirizo zinayang'anana, pakuti mutu wa chambo nawonso ndi wa mlendo wolemekezeka, kenako zinayang'ana mkuluyo, amene anali kutokosa m'mano mwamtendere.

"Alamu," ananong'ona Jemima, "zimitsani chinthu ichi Adada asanamve."

"Ndazimitsa kale, alamu. Ku msika Loweruka mudzanditenge ndi galimoto."

"Muvale bwino. Ndipo foniyo itsale."

Ambuye asunge mtendere umenewu, ndipo asunge mitu ya nsomba zonse za mu Lilongwe pa matupi ake.