Jeleira ya Alamu Anga

Inu, tamverani, mukamadandaula kutentha kwa lero ndiye kuti simunaone chilimwe chomwe mwana wa mlongo wanga, Nércia, anatsala pang'ono kuphonya banja. Dzuwa lake, nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa ngati zamva maliro.

Ankhoswe a mnyamata, a ku Nsadzo, anati abwera Loweruka kudzationa ngati ndife anthu. Alamu anga a Lourenço, bambo wa mwanayo, anazinga mbuzi m'mamawa, mlongo wanga Florência n'kuiphika bwinobwino. Mafuta akungoyandama, telefoni ija kulira: mota, njinga yamoto ya alendo, yafa, afika Lolemba.

"Tiitsanule, tiithire mchere, tiiwambe pamoto," anatero Florência.

Alamu anakana. "Alendo anga adye zowamba ngati mbewa? Ine ndinakhalako ku Tete, mayi. Nyama imasungidwa pozizira."

Ku Teteko, inu, anali mlonda pa hotela, ndipo jeleira, firiji ija, ankangoionera pawindo. Koma mlamu ndi mlamu, ndinangovomera.

Tinayamba ndi kuukupiza mphikawo ndi lichero mosinthana, ngati wodwala malungo. Alamu amvekere, "A Yonasi, mukukupiza mwaulesi, nyama ikutuluka thukuta." Ntchentche za Chifunde yense zinabwera kudzazonda matenda, zina ndi ana kumbuyo. Titaufunditsa thumba lonyowa, linauma tisanakhale pansi.

Kenaka alamu anadzimenya pamphumi. "Chitsime cha kudimba. Imene ija ndi jeleira ya Mulungu, yosalira magetsi."

Tinamanga chivundikiro ndi luzi, mphika n'kuumangirira ku mphira ya njinga, n'kuutsitsa mpaka matako ake akhudze madzi. Ndinafunsa ngati mphirayo ipirire dzuwa. Anati mphira yomwe inawanyamula iwo mpaka ku Cassacatiza singalephere mbuzi yakufa.

Lamulungu masana tinangomva mota pabwalo. Alendo aja, aikonza msanga. Tinathamangira kudimba. Kukoka kamodzi, mphira inatamuka. Kukoka kachiwiri, inatamukabe, mphika osasuntha. Kachitatu inaduka n'kuwakwapula alamu pamphuno, pansi n'kumveka phuvu. Titasuzumira, chivundikiro chikuyandama, mbuzi yabwerera kukamwa madzi.

Apa ndinachita mantha enieni. Nércia anali atasesa bwalo kawiri, maso ali kunjira, ndipo mnyamatayo ankamufunadi. Nanga alendo oyenda mtunda wonsewo n'kuwapatsa nkhwani wopanda ndi nsinjiro zomwe?

Florência sanatukwane. Anangowayang'ana amuna ake, kuyang'ana koti ngakhale ine wosalakwa ndinapepesa. Anatuma Nércia kukatunga madzi oti alendo asambe m'manja, ndipo chitsime china kulibe.

Mkulu wa ankhoswe, a Aderito, anapisa manja m'beseni. Anawatulutsa akunyezimira. Ananunkhiza, n'kunyambita chala, n'kuvuula kachidutswa ka tomato. Alamu anali atayamba kale kuyang'ana njira yothawira.

"Pepani," anatero a Aderito, "awa ndi osamba kapena ndi ndiwo?"

"Osamba," Florência anayankha, nkhope ili gwa.

"Nanga akumwa?"

"Ndi omwewo."

Mkuluyo anatembenukira anzake. "Mwaona? Kwathu msuzi timachita kulimbirana, kuno akusamba m'manja. Nkhwaniwu atipatsa dala, kuti aone ngati tabwerera mtsikana kapena chuma."

Anadya nkhwani uja mwaulemu, n'kukana kuwonjezera kuti asaoneke adyera. Ukwati unatheka tsiku lomwelo. Za chitengwa sanatchule n'komwe, anati mwana wawo adzakhala konkuno, pafupi ndi madzi.

Chitsimecho tinachikapa ine ndi alamu sabata yathunthu, titatseka mphuno, agalu a mudzi wonse atatizungulira ngati akapitawo. Florência anatikaniza ngakhale kuthirira nacho matimati.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi china. Ponyamuka paja, a Aderito anandikokera kuseri kwa nkhokwe, mkulu waimvi zake, n'kundinong'oneza:

"A Yonasi, pamudzi pano palibe mayi wamasiye?"