Kamvuluvulu Amene Anaba Sola ya Alamu

Za seguru ya kalitawu ndinazimva koyamba pakhonde la alamu anga a Jasinta, aphunzitsi a ku Ntengo-Wambalame, chaka chimene ndinaleka kugulitsa nsapato n'kuyamba kungoyenda. Anati kalitawu yawo ya ku banki, ija yogulira zinthu pangongole, imateteza katundu: chimene wagula nayo chikabedwa kapena kusweka chikadali chatsopano, banki imabweza. Ndinafunsa kuti kapulasitiki kopanda maso kamamudziwa bwanji wakuba. Inu mukusekanu, sekani, koma mukafunse Tsangano yense ngati alipo wina anamangapo mphepo m'thumba kupatula ine.

Alamuwo ananditumatu ku Tete kukagula sola, nandipatsa kalitawuyo ndi manambala ake, amvekere ndikabwera chimanjamanja ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndipo dziwani kuti m'dera lonse lino, nyumba imene imanditsegulirabe chitseko ndi yokhayo.

Ndinagula, ndinakwera shapa, minibasi ija, ndinatsika sola ili pamutu. Nditatsala pang'ono kufika, kamvuluvulu anadzuka m'munda wa mbatatesi n'kundilanda solayo, ine n'kugwira chingwe chake, tonse mwamba, kupitirira mitengo, kupitirira akabawi, mpaka kufupi ndi dzuwa kumene sola inakhuta moto, motowo n'kutsika ndi chingwe kulowa m'mikono mwanga, mano anga n'kuyaka ngati nyali za galimoto, foni imene inafa kalekale m'thumba langa n'kuyamba kulira. Mukumva? Ndinakagwera padenga la msika ku Furancungo, sola itathyoka pakati, theka lili m'manja mwanga, theka linalo mphepo yapita nalo.

Ku banki anandipatsa pepala la mabokosi awiri, lina la kubedwa, lina la kusweka, akuti ndichonge limodzi lokha. Limodzi liti? Ndinachonga onse, anandibweza. Ndinafufuta onse, anandibwezanso. Kale tinkagula wailesi ndi matumba a nyemba, ikafa tinkaigogoda n'kuyambanso kulankhula, popanda bokosi lililonse. Pamapeto anati ngati n'kuba, ndibweretse kalata ya apolisi yofotokoza wakubayo.

Ndinabwerera m'munda uja, ndinabisala mumzere masiku atatu, ndipo kamvuluvulu uja atangotulukira ndinamuvundikira ndi lichero n'kumukankhira m'thumba la feteleza, n'kumanga, n'kusenza, mapazi anga osagunda pansi njira yonse, moti agalu ankauwa akuyang'ana kumwamba. Wapolisi, bambo wofatsa ndithu, anafuna dzina la wakubayo, la bambo ake, ndi mudzi wake. Ndinati amufunse yekha. Atamasula thumba, mapepala onse anauluka, chidindo chinadumpha n'kudzidinda chokha pakalata yanga, kamvuluvulu n'kusanza zipewa, nkhuku zamoyo, malata a eni, ndi theka lija la sola. Mukumva? Koma wapolisi anati poti katundu wabwezedwa, ndiye kuti sanabedwe. Kalata inali yodindadinda, koma yonena za kuba kumene kunalibenso.

Ndinabwerera ku banki ndi mateka awiri ndi kalatayo, mutu ukuzungulira kuposa mkaidi wanga. Mayi wa pawindo sanayang'ane n'komwe zonsezo. Anangopempha resibu, lisiti la m'sitolo lija, naliwerenga, nandiyang'ana.

"Bambo, sola iyi munalipira ndi ndalama zapamanja."

Ndinafotokoza kuti tsiku limenelo kamakina ka m'sitolo kolipirira ndi kalitawu kanalibe rede, netiweki ija, ndiye ndinapita pamakina a pakhoma, n'kulowetsa kalitawu yomweyo, n'kutapa ndalama, n'kukapereka. Ndalamazo zinatuluka m'mimba mwa kalitawu yomweyi, ndinatero.

"Kalitawu inaona ndalama, bambo. Sola sinaione."

Ndiye kuti maso ili nawo? Ngati ili nawo, inalephera bwanji kuona chinthu chachikulu ngati chitseko, ili m'thumba la malaya anga, pomwepo pakauntala? Ndafunsa aphunzitsi, anamwino, ngakhale oyendetsa shapa, aliyense amandiyankha zake.

Alamu ndinawauza kuti banki ikuunikabe nkhaniyo. Za kamvuluvulu anamva, sanatsutse. Za makina a pakhoma sindinawauze.

Kodi kulirako si kwa mota, njinga yamoto ya alamu ija? Nyali yopendekayo ndi yawo ndithu. Ndipatseni chipewa changacho. Akafunsa, munene kuti mphepo yanditenga.