Mmene Chitedze Chinandikwezera Udindo ku Lifuwu

Anzanga, zoti masiku ano ndimayenda ndi anthu ophunzira mumaziona, koma mmene zinayambira simudziwa. Imikani njingazo ndikuuzeni, bola musaseke mpaka kuthawitsa makasitomala.

Kwathu ku Lifuwu kunabwera anthu a ku yunivesite ofufuza za zomera, mtsogoleri wawo mayi wina wamagalasi, Dokotala Nabanda. Ankati akufuna kudziwa mitengo ndi zitsamba zimene zatsala m'tchire mwathu, poti makala ndi moto zikumaliza zonse, chonsecho zina mwa izo akakaziyeza kulabotale zimatulutsa mankhwala enieni a m'chipatala. Atafunsa munthu wodziwa tchire woti awaperekeze, ine Yusufu wa kabaza dzanja m'mwamba msangamsanga. Kudziwa ndinkadziwako ndithu, malemu mayi anga ankandituma makungwa a muwawani ndili mwana, koma chinandikweza dzanja si chimenecho ayi. Njira ya kutchireko imadutsa pakhomo pa apongozi anga, Abiti Juma, amene chikwatirireni mwana wawo sanandionepo ngati munthu wa nzeru. Ndinati lero aona!

Ndinabwereka jekete kwa alamu anga, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, ine thukuta kamukamu koma osavula. Tikudutsa pakhomo paja ndinakweza mawu dala: "Uwu ndi nimu, Adokotala, umathandiza kwambiri!" Nimu, anzanga, woti ngakhale mbuzi imaudziwa. Ndipo apongoziwo panalibe n'komwe.

Kutchire zinayamba bwino. Ndinawaonetsa muwawani, mvunguti ndi chammwamba, iwo akujambula, kudula masamba n'kumawapanikiza pakati pa nyuzi kuti akaume bwino. Adokotala anati, "Bambo Yusufu, mukutithandiza kwambiri." Basi mutu unakula pompo! Ndinayamba kuyenda chafutambuyo ngati mphunzitsi, nkhope kwa iwo, manja akuuluka, ndikufotokoza zomwe ndikudziwa ndi zomwe sindikudziwa zomwe. Kodi tchire amayendamo chafutambuyo? Phazi linalowa m'dzenje, ine chagada khu! m'kati mwa ziyangoyango. Poyang'ana m'mwamba ndinaona tizipatso taubweya tofiirira tikulendewera pamphuno panga, ubweya wake ukuthothokera m'khosi. Chitedze!

"Muli bwino, bambo?" anafunsa Adokotala.

"Ndili bwino, ndi nyerere chabe," ndinayankha, mano nditaluma.

Nyerere zake ziti! Zinayambira m'khosi, kutsikira kumsana, kenako kumalo oti sindingatchule pagulu. Ndinayesa kuima mwaulemu, mapewa akuvina okha. Ndinadzikhuza pamtengo ngati ng'ombe. Kenako ulemu unatha, jekete ya alamu uko, malaya uko, ine liwiro kulunjika kungalande ya mpunga. Ndinadziponya m'madzi phava! Ndimati madzi azimitsa moto, koma kuyabwa kwake kunachita kuwonjezeka. Ndinayamba kudzimata matope thupi lonse mpaka kumaso, ndikukuwa, ndikukanda. Nditatukula mutu, amayi ochapa zovala ali ndandanda m'mbali mwa ngalande, ndipo pakati pawo ndani? Abiti Juma, mpango atagwira pakamwa.

"Subuhanallah! Mwana wanga anakwatiwa ndi chiyani kodi?" anatero.

Ndinalakalaka ngalandeyo itandikokolola mpaka kunyanja. Posakhalitsa ndinaona Adokotala akubwera chothamanga, ine n'kumati akubweretsa mankhwala. Ayi ndithu! Anavala magolovesi, m'manja atanyamula jekete ija itadzaza tizipatso tija, nkhope ikuwala ngati wapambana mayeso.

"Bambo Yusufu, mwachipeza! Tachisaka kuyambira ku Khombedza, paliponse anthu anachiwotcha. Njere zake zili ndi mankhwala othandiza matenda aja onjenjemeretsa manja, amene amagwira kwambiri achikulire. Sizongotafuna ayi, zimafunika kuyezedwa kaye, koma chamtchire chotere n'chimene timafuna." Kenako anatembenukira kwa amayi aja. "Bambo awa ndi katswiri, popanda iwo tikanabwerera chimanjamanja."

Amayi onse aja anatembenukira kwa ine. Ine ndili m'matope mpaka m'chiuno, maso okha akuoneka. Ndiye apongozi anga anakonza mpango wawo, kutsokomola pang'ono, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Ndi mkamwini wanga ameneyo, Adokotala. Nzeru za mitengo ndi za kubanja kwathu."

Alhamdulillah! Wallahi, kuyabwa kunali kudakalipo, koma ndinatuluka m'ngalande muja chifuwa chili patsogolo ngati msilikali. Tsiku limenelo apongoziwo anandiphikira mpunga wa kilombero ndi chambo, ndinadya choimirira poti kukhala pansi kunali kosatheka.

Pano tchire lija anthu anagwirizana kuti asamaliwotche, ndipo ofufuza aja akabwera amafunsa za ine. Ulendo wathawu Adokotala anati, "Tiyeni mukatithyolere zina, poti inu munazolowerana nacho." Ndinawauza kuti pepani mayi, sayansi ndimaikonda, koma khungu langa linapereka kale gawo lake. Ndikawafikitsa panjinga, ndikaima patali mphepo ikuchokera kumsana, n'kuwalozera ndi nsungwi yaitali. Zothyolazo akathyole ovala magolovesi, ine ndinalumbira, sindidzachiyandikiranso.