Mavitamini a Amalume

Lolemba

Ndadzuka ndi chimfine. Mphuno zatseka, pakhosi pakukanda ngati ndameza gaga. Mphepo ya Juni yandipeza pa nthawi yoipa. Loweruka kuli chinkhoswe cha Tiyanjane, mwana wa malemu mlongo wanga, ku Madzimoyo, ndipo woyankhulira banja ndine, malume wake. Mlongo wanga ali gone m'chipatala anandigwira dzanja nati, "Achimwene, mwana uyu mudzamupereke ndi pakamwa panu."

Kukiliniki anesi akuti ndi vayirasi, mankhwala omupha palibe. Ndigone, ndimwe madzi ambiri, ndisayankhuleyankhule. Ndikayamba kubanika ndibwerere msanga. Zonsezi ndi zoona, ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito. Koma Loweruka silidikira munthu.

Pobwerera ndadzera kufamase. Pawindo la kuchipinda kwanga tsopano pali vitamini C, zinki, makapisozi a mafuta a nsomba, ndi mavitamini osakaniza. Cholinga: kulipatsa thupi zida kuti lidzimenyere lokha. Pofika Lachinayi ndikhale nditachira!

Lachiwiri

Zinki ndamwa m'mimba mulibe kanthu. Nseru m'mawa wonse. Pabokosi analemba kuti munthu amwe atadya. Ndawerenga pambuyo pake.

Amake Chisomo, mkazi wanga, auza a mphakati wathu wa kutchalitchi kuti ndadwala, ndiye masana abwera kudzandizonda. Wozonda matenda sabwezedwa pakhomo, ndipo sabwera chimanjamanja. Mandimu. Jinja. Adyo wosinja wothira uchi. Ufa wa chammwamba. Aliyense akufuna ndimwe chake iye akuona. "Imwani, aphunzitsi, tikadali pano."

Amayi Zulu afunsa chifukwa chake anesi sanandibaye jakisoni. Funso labwino! Ndawafotokozera kusiyana kwa bakiteriya ndi vayirasi, ndajambula ndi chala patebulo, mpaka dzuwa kupendeka. Onse amvetsera mwaulemu. Potsanzika Amayi Zulu akuti, "Komabe akanakubayani."

Lachitatu

Mawu asasa. M'mimba mwatsegula. Vitamini C wa m'botolo wakumana ndi mandimu ndi chammwamba, ndipo sanagwirizane. Njira ya kuchimbudzi ndaiyenda mpaka agalu a neba asiya kundiuwa.

Mkodzo wachikasu ngati utoto. Palibe choopsa: thupi limatenga zimene likufuna, zotsala limataya. Ndiye kuti mavitamini anga ambiri akukalimbitsa dzenje la kuseri.

Abambo Phiri a kukwaya abwera ndi botolo lobiriwira, la makapisozi amene amagulitsa m'komboni mwathu muno mwa Nabvutika. "Awa ndi a chimfine, shuga, BP, ngakhale za m'nyumba." Ndawafotokozera modekha kuti mankhwala amene amati amachiza zonse ndi oyenera kuwakayikira, ndipo ndapereka zitsanzo. Mwina zitsanzo zachuluka. Nditamaliza andiyang'ana mwachisoni. "Mukudzimva mmene mawu atheramo?" Botolo alisiya, akuti ndi mphatso. Ndameza kapisozi kuti asakhumudwe.

Lachinayi

Tsiku lochira lija. Sindinachire.

Kufukiza: masamba a bulugama, mpoto wa madzi otentha, bulangete. Amake Chisomo akhalira nsonga ya bulangete kuti ndisathawe. Mphuno zatseguka kanthawi kochepa, zatsekanso.

Ozonda achepa lero. Amayi Zulu ali gone, akutsokomola. Abambo Phiri nawonso, mabotolo awo ali kumutu kwa bedi. Anthuwa anabwera ndi mtima wabwino. Ine ndinawakhazika m'chipinda chotseka mawindo poopa mphepo, n'kuwapumira masana onse pamene ndimawaphunzitsa mmene vayirasi amayendera mumpweya.

Lachisanu

Mawu apita. Ndikatsegula pakamwa pakutuluka kamluzu. Uchi, madzi ofunda amchere, jinja. Kamluzu komweko.

Tiyanjane waimba foni, amuyankha ndi amake Chisomo. Akuti agogo ake a mnyamata womukwatirayo afika kale kuchokera ku Tamanda, nkhalamba ya chifuwa cha mphumu, ndipo mpando wawo auika pafupi ndi wanga. "Amalume abwere basi, angokhala tiziwaona."

Ndaganiza masana onse. Pachinkhoswe sungabise dzanja. Aliyense wa kuchimuna adzafuna kundigwira chanza, kundiweramira, kufunsa za moyo. Ndikakhala patali adzati malume sakugwirizana ndi ukwatiwu. Ndikakhala pafupi, agogo aja adzabwerera kwawo ndi chimfine changa, ndipo kwa iwo si nkhani ya mphuno chabe.

Sindipita. Ndatumiza uthenga kwa mng'ono wanga Benedikito kuti akayankhule ndiye. Jekete limene amake Chisomo anandisitira ndalibwezera m'kabati ndekha.

Loweruka

Amake Chisomo atsala nane, akuti nawonso pakhosi payamba kuwakanda.

Benedikito wandiimbira, n'kuika foni m'thumba la malaya kuti ndizimva. Ndikumva nsalu ikukhula foni, nthungululu, nkhuku zikulira pamene ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi. Kenako mawu ake. Akuyenda bwino. Wathokoza a kuchimuna. Wayamba kunena za mayi ake a mwanayu, mmene anamulerera yekha pogulitsa mtedza pamsika, ndipo netiweki yaduka pomwepo.

Ndakhala ndi foni kukhutu nthawi yaitali. Maso achita misozi. Amake Chisomo andipatsa mpango. "Chimfine chimenechi," akutero, osandiyang'ana.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. Mabotolo onse ali m'katoni pansi pa bedi. Zatsala: madzi, tulo, kukhala chete. Chimfine chayamba kutsika chokha, thupi lapepuka. Mawu sanabwerere.

Masana Tiyanjane wafika panjinga yamoto ndi mnyamata wake. Ndawakaniza ndi dzanja kuti asalowe. Agwada pabwalo, pafupi ndi windo, mwanayo atavala chitenje cha dzulo. Nkhope ngati mayi ake.

Ndatsegula windo pang'ono kuti ndinene zimene ndinakonza: za kupirira, za kulemekezana, za kukambirana mkwiyo usanakule. Ndakweza chala, monga ndimachitira m'kalasi. Kamluzu.

"Musavutike, amalume," akutero Tiyanjane. "Mukachira tibwera. Ndamuchenjeza kale kuti adzabwere atadya, chifukwa mukayamba simuthera panjira."

Mnyamata uja waweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka.

Chala chija ndachitsitsa. Ndatambasula dzanja lonse kuseri kwa galasi, pamwamba pa mitu yawo, kuwadalitsa, ndipo akhala chogwada mpaka dzanja latopa. Si pakamwa panga, mlongo wanga, koma ndi zimene ndinali nazo.

Apita. Amake Chisomo akuyetsemula kuchipinda. Ndikawatengere madzi.