Mzere wofiira ndi dziwe la chinangwa

Mpaka lero ndikamva fungo la chinangwa choviika, manyazi amandigwira. Ndingoulula basi, poti ku Kande nkhaniyi anaimva kale ndi agalu omwe.

Ananditumiza kuchokera ku Dedza kudzakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa Kande. Uhedi unali woyamba, ndipo unandilowa m'mutu ngati kachasu. Sabata yoyamba ndinagula bolopeni yofiira. Seveni koloko ikangokwana, ndinkalemba mzere m'buku losainira aphunzitsi. Wosaina pansi pa mzerewo ndiye kuti wachedwa.

Mvula itayamba, dzina limodzi linkapezeka pansi pa mzere tsiku ndi tsiku: a NyaMhone, mayi wa imvi wophunzitsa Sitandade 1, amene anatsala ndi chaka chimodzi kuti apume. Ndikawafunsa ankangoti, "Pepani ada, ndi njira." (Kuno ada ndiye kuti bambo.) Njira yanji, nyumba yawo ikuonekera pakhomo pa ofesi? Ndinalemba kalata yowaneneza kwa mlangizi wa maphunziro, yopempha kuti awasamutse pasukulu pomwe anakalambirapo. Koma ndinafuna umboni kaye (ndinkadziona ngati wapolisi wofufuza milandu, mwana wa mayi anga ine).

Lachiwiri m'mamawa ndinavala suti, kalata m'thumba, n'kuwatsata a NyaMhone chapatali. Sanalowere kusukulu ayi, anakhotera kumtsinje. Ndinati eyaa, ali ndi dimba kumeneko. Ndinadula m'munda wa chinangwa chowerama. Atacheuka, ndinalumphira kuseri kwa chitsamba, pamene panaoneka ngati mulu wa masamba.

Abale anga, kuno chinangwa cha kondowole, nsima yawo, amachiviika m'timaiwe kwa masiku angapo, n'kufunditsa masamba pamwamba. Ku Dedza palibe anandiuzako zimenezi. Ndinalowa mpaka m'chiuno. Za fungo musandifunse. Nsapato imodzi inatsalira momwemo ndipo sitinaonanenso.

Ndili m'dziwemo ndi pamene ndinaupeza umboni wanga uja. Tsidya la mtsinje kunali tiana tisanu ndi tiwiri, makope ali m'majumbo pamutu. Mlatho wa mitengo unali utakokoloka. A NyaMhone anakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi ofika m'maondo. Kamwana kamodzi anakabereka, kena anakagwira padzanja. Anatero maulendo anayi.

Kamtsikana kena kanandiloza. A NyaMhone anabwera, n'kundiyang'ana osaseka ngakhale pang'ono.

"Mwayuka uli, ada ahedi?"

"Ndadzuka bwino, amayi. Ndimangoyendera malo ozungulira sukulu."

"Mwachita bwino. Gwirani dzanja."

Anandikoka ndi dzanja lomwe lija lowolotsera ana. Pokokanapo kalata inagwa n'kutambasuka pamadzi, dzina lawo lili poyera (envelopu ndinali ndisanagule). Anaitola, kuikutumula, n'kundipatsa.

"Yanu iyi. Mukaiyanike, inki ingafufutike."

Ndinalakalaka nditabwerera m'dziwe muja. Ndinafunsa chapansipansi, "Bwanji simunandiuze?"

"Ndimaopa mundiletsa, ada. Mukanati ndikagwa naye mwana m'madzi ndi mlandu wa sukulu. Ndiye anawa akanangokhala kunyumba mpaka mvula ithe. Kuwerenga akanakuyambira pati?"

Ankanena zoona, ndikanawaletsadi.

Tinafika kusukulu pamodzi, iwo patsogolo, ana pakati, ine m'mbuyo ndi nsapato imodzi. Wachiwiri wanga anali atalemba kale mzere, monga ndinamulamulira ndekha. A NyaMhone anasaina, n'kundipatsira bolopeni. Ndinasaina pansi pa dzina lawo. Aphunzitsi anzanga anangotsegula mawindo onse.

Kalata ija ndinang'amba. Ndinaitana komiti ya sukulu, ndipo Loweruka makolo anayala mitengo ina pamtsinje, ine ndikuthandiza kusenza (patali ndi timaiwe). A NyaMhone anapumira pasukulu yawo yomweyo. Tsiku lotsanzikana anandibweretsera kathumba ka ufa wa kondowole.

"Uwu ndi wouma, ada. Simungagweremo."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma misozi inali m'maso. Ndinkawakonda mayi amenewa, ndipo ndinatsala pang'ono kuwathamangitsa ndi dzanja langa.

Bolopeni yofiira ndikadali nayo, ndipo mzere ndimalembabe, poti uhedi sunandichoke wonse. Koma mphunzitsi akandiuza kuti wachedwa ndi njira, ndimavula jekete n'kumuuza kuti mawa andionetse njirayo.