Belu Losowa ndi Kalata ya Layitoni

Lolemba, 2 Juni

Abusa andipatsa ntchito. Ndiwerenge buku la m'kabati ya tchalitchi limene achinyamata akhala akubwerekana, ndipo Lamulungu ndikauze akulu ampingo ngati n'loyenera Akhristu. Pachikuto pali mwamuna ndi mkazi atayandikana kwambiri. Chigamulo ndili nacho kale: lichotsedwe. Matipate anatibweretsera zambiri.

Zochita sabata ino:
1. Kuwerenga masamba khumi, okwanira kulitsutsa.
2. Kupeza mavesi atatu.
3. Kusayankha za Layitoni, tenanti wa ku esiteti amene akufuna mwana wanga Esinati. Kalata yake yosamukira mumpingo mwathu, yochokera kwawo ku Phalombe, ili m'sutikesi mwanga chiyambire Febuluwale. Popanda iyo ukwati wa kutchalitchi palibe. Mlembi wa mpingo ndine. Sindinaitaye, ndikungoisunga.

Lachiwiri, 3 Juni

Masamba khumi aja asanduka makumi asanu ndi limodzi. Nkhani ndi ya kale, nthawi ya amishoni oyamba. Belu la tchalitchi lasowa. Onse akuloza chala mnyamata wina woomboledwa ku ukapolo, amene akukonda mwana wa mkulu wa mpingo. Maganizo anga: mapemphero alimo okwanira, koma kuyang'anana kwachuluka.

Mbuzi zalowa m'dimba ine ndili m'buku. Mpiru wonse wapita.

Lachitatu, 4 Juni

Ndine munthu wodekha, koma mkulu wa mpingo wa m'bukuli wandikwiyitsa. Lamulungu akutsogolera nyimbo, Lolemba akuthamangitsa mwana wa eni ngati galu. Mlandu wake n'chiyani? Kuchokera kutali basi? Ndanena mokweza pakhonde kuti anthu otere ndi amene amagwetsa mpingo. Mayi a Esinati angondiyang'ana, ati, "Eti?" n'kupitiriza kutong'ola chimanga.

Amene ndikuwakayikira pa za belu: wosula makasu, wophika wa mmishoni, wamalonda a minyanga.

Mavesi sindinayambe.

Lachinayi, 5 Juni

Tsoka! Masamba omaliza palibe, chiswe cha m'kabati chinadya. Mnyamata uja ali womangidwa pabwalo, mtsikana waimirira kuti alankhule, kenako dothi lokhalokha. Ndalikutumula bukulo kawiri ngati kuti masamba ena agwa.

Kuseri kwa chikuto kuli mayina a obwereka. Esinati. Layitoni. Esinati. Layitoni. Kanayi konse! Ndafunsa Esinati, monga munthu wotumidwa ndi mpingo, mmene nkhaniyo inathera. Wagwada mwaulemu n'kunena kuti iye waiwala, koma a Layitoni saiwala kanthu.

Lachisanu, 6 Juni

Sindipita. Munthu wa msinkhu wanga sangapalase njinga kukafunsa tenanti za belu la m'buku.

Abusa: sanaliwerenge. Aphunzitsi aakulu: analekera pakati. Mayi wina wa kwaya akuti onse anafa ndi nthomba, koma ameneyu amasokoneza mabuku ndi masewero a pa wailesi.

Chakudya sichikutsika. Mwana wa eni akadali womangidwa pabwalo paja ndipo ine ndilibe mtendere. Izi n'zamanyazi, koma n'zoona.

Loweruka, 7 Juni

Ndapita. Kunyumba ndati ndikukaona mbewu ku Nambuma.

Layitoni ndamupeza m'chigafa akusankha fodya, manja ali bii. Wandipatsa mpando, iye wakhala pansi. Ndazungulirazungulira: kuzizira kwa chaka chino, mitengo ya ku okushoni, chifuwa changa. Kenako ndafunsa za belu.

"Bambo, belu silinabedwe. Amene analikwirira pansi pa nkhokwe yawo ndi bambo ake a mtsikana, kuti mlendo uja achoke."

Ndafunsa ngati anagwidwa. Akuti ayi, analifukula okha n'kulisenza mpaka kutchalitchi, anthu onse akuona. Za kalata yake sanatchule ngakhale kamodzi. Wandiperekeza mpaka pamsewu akukankha njinga yanga. Bola akanandinyoza, ndikanakhala ndi chonena.

Lamulungu, 8 Juni

Titaweruka mapemphero ndauza akulu ampingo maganizo anga. Bukuli n'lalitali, achikondi ake amachedwa pa zinthu zodziwikiratu, ndipo lilibe mathero. Koma liwerengedwe, kuyambira ife akuluakulu.

Abusa afunsa ngati pali zina. Ndatulutsa kalata ya Layitoni. Mkulu wina wafunsa kuti yafika liti. Bodza linali pafupi, ndikanangoti inachedwa m'njira.

"Febuluwale," ndayankha. "Inali m'sutikesi mwanga."

Akulu ampingo agwirizana kuti Layitoni alandiridwe Lamulungu likudzali, ndipo ankhoswe akhoza kuyamba kukambirana. Kenako abusa, mosakweza mawu, ati za kuchedwa kwa kalatayo zilembedwe m'maminitsi, pamodzi ndi dzina la amene anaichedwetsa.

Onse atembenukira kwa mlembi. Ndalemba ndekha, dzina langa lonse, ndipo ndawawerengera mokweza monga mwa nthawi zonse.